Khadi la Katoni ndi Matabwa Atatu a Mbawa

A Sikweya ndi kalipentala, ndipo dzinali si la makolo. Analitola ku ntchito, chifukwa kachitsulo koyezera makona kaja sikachoka m'thumba la ovolosi yawo. Amapita nako ngakhale kokaona wodwala. Mukawaitanira tiyi kunyumba kwanu, musadabwe kuwapeza akuyeza chitseko chanu n'kumapukusa mutu. Shedi yawo ili kuseri kwa mzere wa mashopu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi mayi wosoka makatani. Muli benchi imodzi yolemera, masowo anayi opachika pamisomali, mapulena awiri, ndi wailesi imene inasiya kulankhula kalekale koma sanaitaye chifukwa amene anakhoma kabokosi kake ankaidziwa ntchito.

Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka 16, kwa mkulu wina wokhoma mabokosi a maliro. Kumeneko anatengako lamulo limodzi limene lawakwanira moyo wonse: chimene sunachigwire ndi dzanja lako, usachidulire thabwa. Munthu akabwera n'kunena kuti, "Firiji yanga ndi yaitali chonchi," uku atatambasula manja, a Sikweya amangovala chipewa n'kupita kukaiyeza okha. Amati manja a kasitomala amatalika akakondwa, n'kufupika akamva mtengo.

Za mabokosi a maliro anazisiya atangokwatira kumene. Mwana wawo wachisamba anakhala masiku khumi ndi anayi okha. Kabokosi kake anakhoma ndi iwo eni, m'mawa wina kukuzizira, ndi matabwa a shelefu ya kuchipinda, popeza thabwa lina pafupi panalibe. Kutalika kwake sanakuiwale: masentimita 60. Kuyambira tsikulo bokosi la maliro sakhoma, lalikulu kaya laling'ono, ngakhale mutawagwadira. Nkhaniyi sailankhula. Mwana wawo wachiwiri, yekhayo amene anakula, ankangodziwa kuti kunali mchimwene wake amene sanakhalitse, basi.

Mwanayo ndi wamkazi. Amamutcha Kautuchi chifukwa anakulira pansi pa benchi, tsitsi lili mbuu. Sabata imene Kautuchi anakwatiwa, a Sikweya anapita kogulitsa matabwa n'kukhalako tsiku lathunthu akugogoda, akununkhiza, akukana. Anabwerako ndi matabwa atatu a mbawa, ofiira, opanda mfundo, lililonse mamita awiri. Anawakweza kudenga kwa shedi n'kulembapo ndi pensulo kuti "Kabedi." Mwana wawo woyamba anamukhomera bokosi. Mdzukulu wawo woyamba ankafuna kumukhomera kabedi, ka thabwa labwino kuposa lililonse limene linadutsapo m'manja mwawo. Zaka zinayi matabwawo anagona kumwambako akuuma, ndipo mwezi uliwonse a Sikweya ankakwera pampando n'kuwatembenuza kuti asapindike. Chaka chachinayicho Kautuchi anakhala woyembekezera.

Tsopano tibwere kwa mkamwini. Ndisamunamizire: mowa samwa, mkazi samenya, ndipo akakumana ndi apongozi ake amachotsa mahedifoni m'makutu, chimene kwa anthu a mtundu wake ndi ulemu waukulu. Ali ndi kashopu komwe amamanga makompyuta a anthu osewera magemu. Vuto lake ndi makutu. Chimene chalowa m'khutu mwake m'mawa, pofika masana chasanduka choona, pofika madzulo wayamba kuchilumbirira. Nkhani iliyonse amaiyamba ndi "Ndamva kuti," mpaka mzere wonse wa mashopu unangomutcha Ndamva.

Chaka chimenecho anthu a magemu sankagona tulo ndi mphekesera za khadi latsopano. Khadi limeneli si la pepala ayi. Ndi chipangizo chokhala ndi mafani ake, chimene chimalowa m'kompyuta n'kumajambula zonse zimene wosewera amaona pa sikirini: utsi, madzi, tsitsi la msilikali likuuluka ndi mphepo. Kampani yopanga makhadiwo inali isananene kanthu. Koma pa intaneti aliyense anali ndi msuweni wake wogwira ntchito kufakitale, ndipo msuweni aliyense ankatsina khutu mosiyana.

Tsiku lina Ndamva anatulukira kushedi, foni ili m'manja.

"Bambo, ndamva kuti khadi likubwerali ndi chilombo. Memori magigabaiti 32. Kutalika masentimita 34, kunenepa ngati njerwa. M'makesi a kompyuta amene ali m'mashopumu silikwanamo."

"Ndiye ine ndilowapo pati?" anafunsa a Sikweya, osasiya kupala.

"Mundikhomere kesi ya thabwa. Yogona, yaitali, chivundikiro pamwamba. Ndikaionetsa pa vidiyo khadi lisanatuluke, ndikhala woyamba. Maoda adzangogwa ngati mvula."

"Khadilo mwaliona?"

"Palibe amene waliona, bambo. Lituluka miyezi ikubwerayi."

"Likatuluka mudzabwere nalo. Ndidzaliyeza."

Munthu wina akanamva. Ndamva anabweranso m'mawa mwake, ulendo uno ndi Kautuchi, atanyamula chinthu chopangidwa ndi katoni ya sopo, chomatamata ndi selotepi. Pamwamba pake anajambulapo mafani atatu ndi bolopeni. Anachiika pa benchi ndi manja awiri ngati akupereka mphatso.

"Mumati simudulira thabwa chinthu chimene simunachigwire. Ili ndi khadilo, miyezo yake yeniyeni. Gwirani, bambo."

A Sikweya anayang'ana katoniyo, n'kuyang'ana mkamwini, kufuna kuona ngati akuwaseka. Sankawaseka. Chimenecho ndiye chinawapsetsa mtima kwambiri. Ndipo asanayankhe, Ndamva anakweza maso kudenga.

"Koma paini ayi, bambo. Anthu ogula khadi lotere paini amamuona ngati nkhuni. Pakufunika ofiira aja."

"Amenewo ali ndi mwini wake," anatero a Sikweya.

Apa m'pamene Kautuchi analowererapo. Anakhala pa kampando, dzanja lili pamimba. "Adadi, limodzi lokha. Munanena nokha kuti kabedi kamadya awiri, lachitatulo munangogula poopa kulakwitsa. Inu mumalakwitsa liti? Shopu sikuyenda, adadi. Anthu asiya kugula, onse akudikira khadi lomweli. Maoda akayamba, mwanayu adzabadwira pabwino."

Zinali zoona, lachitatu linali lapadera. Ndipo Kautuchi akati "adadi" ndi mawu amenewo, a Sikweya amafewa ngati guluu wa padzuwa. Anakwera pampando n'kutsitsa thabwa limodzi. Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi anayeza katoni ya sopo ndi tepi yawo, akutukwana chamumtima.

Masiku asanu ndi limodzi kesi inatha. Inali ya masentimita 48, makona olowana ngati zala, yopanda msomali ndi umodzi womwe. Ndamva anaijambula vidiyo, anajambulanso manja a apongozi ake ali pa pulena, n'kulengeza kudziko lonse kuti ntchitoyi ndi ya mmisiri wamkulu, bambo a mkazi wake.

Panapita masabata atatu. Kenako anabweranso ndi katoni ina, yaikulu kuposa yoyamba ija.

"Bambo, ndamva kuti miyezo ija inali ya khadi laling'ono. Lalikululo ndi masentimita 41. Chithunzi chatuluka, wina wajambula mobisa kufakitale."

Chithunzicho a Sikweya anachiona pafoni. Chinali chimdima chokhala ndi ngodya imodzi yowala. Chikanatha kukhala khadi, chikanathanso kukhala chitseko cha uvuni.

"Thabwa lodulidwa silimeranso," anatero. "Pitani."

Akanapita pomwepo, nkhani ikanathera apa. Koma Ndamva, pofuna kuonetsa kukula kwa vutolo, anayamba kuwerenga mokweza zimene anthu analemba pansi pa vidiyo ija. Wina anati kesiyo ndi yokongola koma khadi silikwanamo, kalipentalayo tepi yake ndi ya mphira. Wina anati agogowo abwerere kokhoma mipando ya nkhuku. Wachitatu anangoika tinkhope toseka khumi ndi tiwiri, ndipo Ndamva anatiwerenga tonse. Wowotcherera zitsulo anali atazimitsa makina ake kuti amve bwino.

Zaka makumi anayi palibe chitseko cha a Sikweya chimene chinakanapo kutsekeka. Lero anthu osadziwa n'komwe kumene sowo imagwiridwa akuti tepi yawo ndi ya mphira. Madzulo ake kunyumba anangotola chakudya pang'ono n'kukankha mbale. Mayi a Kautuchi, amene akhala nawo zaka zonsezi ndipo amawadziwa ngati chikhatho chawo, anawayang'ana cham'mbali.

"Bambo, amene akukunyozaniwo mumawadziwa?"

"Sindiwadziwa."

"Nanga akadzakuyamikirani mudzawadziwa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana ali m'mimbayo ndi weniweni, khadilo ndi katoni. Matabwa awiriwo musawakhudze."

Mawu anali abwino, koma anagwera pamwala. A Sikweya anali atawerengera kale m'mutu kuti thabwa limodzi lathunthu, kuphatikiza zidutswa za kesi yoyamba, zikwana kabedi kocheperako. Ankadzinamiza, ndipo ankadziwa kuti akudzinamiza. M'mawa mwake anatsitsa thabwa lachiwiri ndi manja awo, popanda wowakakamiza. Khadi la masentimita 41, malo a mawaya, malo a mpweya: tepi inaima pa 60. Pensulo inaima kaye m'mwamba. Nambalayo anaizindikira. Koma mkwiyo unali utawatseka makutu, ndipo anajambula mzere n'kudula.

Kesi yachiwiri inatha yopanda chivundikiro, chifukwa thabwa linathera m'mbali ndi pansi. A Sikweya anati adzaika cha paini n'kuchipaka utoto wofiira. Sankakonda kuiyang'ana kesiyo. Ankaifunditsa chiguduli ikakhala pa benchi, n'kumauza anthu kuti akuopa fumbi.

Katoni yachitatu inafika mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Iyi sinatalike, inangonenepa.

"Bambo, ndamva kuti limadya magetsi mawati 600. Limatentha ngati mbaula. Chivundikiro chikufunika mabowo atatu akuluakulu a mafani, apo ayi lipsa. Ndipo paini wopaka utoto amaonekera pa kamera."

A Sikweya anaika pulena pansi pang'onopang'ono. "A mkamwini, mundimvetsetse, chifukwa sindibwereza. Thabwa latsalalo ndi la mwana wanu. Kaya khadi lanulo limatentha ngati mbaula, kaya limaphika tiyi, kaya limaimba nyimbo, thabwalo silitsika."

"Ndamva, bambo," anatero Ndamva. Tsiku lokhalo ndi limene mawuwa anali abodza.

Lachinayi lotsatira a Sikweya anapita kukapachika zitseko panyumba ina kutali ndi shedi. Kiyi, monga mwa masiku onse, anasiyira mayi wosoka makatani. Pobwera dzuwa litapendeka, anapeza mpando uli pakati pa shedi, kudenga kuli mbee. Mayi wa makatani anati, "Kunabwera mkamwini wanu, amati mwawatuma." Kesi ija nayo panalibe, panangotsala chiguduli.

Sanavule n'komwe ovolosi. Anayenda msewu wonse wa mashopu osayankha moni wa munthu. Shopu ya Ndamva ndi kachipinda kopapatiza, kodzaza masikirini ndi timagetsi tabuluu, konunkha fumbi lotentha. Thabwa lija analipeza litatsamira khoma, lili zidutswa zitatu. Ndamva anali atapita nalo kwa anthu a makina. Chidutswa choyamba makina anaching'amba, chachiwiri anaboola mabowo osalingana, chachitatu ndiye chinakhala chivundikiro, mabowo atatu ngati mbale, m'mphepete mwake mutapserera.

A Sikweya anasolola sikweya m'thumba n'kuiika pamene anadulapo. Kuwala kunadutsa pakati.

"Ngakhale kudula kwake n'kopotoka," anatero. "Zaka zinayi ndikulitembenuza ngati wodwala. Inu mwalipereka kwa anthu odula nkhuni."

"Bambo, pepani. Ndimati ndikuuzeni ikatha, muone kukongola kwake. Maoda akangoyamba ndikugulirani ena, ngakhale khumi."

"Pepani sapoletsa chilonda. Mbawa youma zaka zinayi mukaigula kuti? Pa intaneti? Kwa msuweni wa kufakitale? Mwana wanu abadwa miyezi iwiri ikubwerayi, ndipo inu mwamubera pogona kuti mukonzere nyumba chinthu chimene ngakhale wochipanga sananene kuti chilipo. Mwalowa m'shedi mwanga ndi bodza. Mwanamiza mayi wa makatani m'dzina langa. Ndakwiya nanu, a mkamwini, ndipo sindikubisirani. Phazi lanu lisapondenso kushedi kwanga."

Makasitomala awiri amene anali m'shopumo anayamba kuyang'anitsitsa makiyibodi ngati sanawaonepo. A Sikweya anatola zidutswa ziwiri zowonongeka zija n'kutuluka nazo.

Masabata otsatirawo anali oipa. Kautuchi ankaimba foni, a Sikweya n'kumayankha mawu awiri atatu. Anazungulira kogulitsa matabwa konse. Mbawa inalipo, koma yaiwisi, yolemera madzi, yoti ukakhoma lero pofika mwezi wamawa yapindika ngati uta. Mayi a Kautuchi ankati, "Khomani ka paini, mwana sadziwa mitengo." Iwo ankavomera, n'kupita kushedi, n'kugwira paini, n'kumubwezera pomwe anali. Mtima sunkalola. Ankati nthawi ilipo, kwatsala mwezi. Makatoni atatu aja anali atawapachika pamsomali umodzi pafupi ndi khomo, ndipo m'mawa uliwonse ankawapatsa moni wachipongwe.

Tsiku limene khadi linatuluka, anawauza ndi wowotcherera zitsulo. Analowa m'shedi masana, magalasi akuda ali pachipumi, foni ili patsogolo.

"Akulu, bwerani muone chilombo chija."

Pa sikirini panali bambo wina ataima pa nsanja, atanyamula khadilo ndi dzanja limodzi. Linali lalifupi, lopyapyala, mafani awiri. Ankanyadira kuti akatswiri awo alichepetsa kuti lizikwana m'kesi iliyonse, ngakhale yakale. Za magigabaiti 32 zinali zoona. Zina zonse zinali mphepo. Wowotchererayo anaseka mpaka kukhala pansi pa utuchi. A Sikweya sanaseke. Anatsitsa katoni yoyamba ija, yaing'ono pa onse, n'kuiyang'ana. Ngakhale imeneyo inali yaikulu kuposa khadi lenilenilo. Oda ya kesi ya thabwa sinabwere ndi imodzi yomwe.

Mwana sanadikire tsiku lake. Anafulumira ndi masabata atatu, wamkazi, wamng'ono koma wa mawu. Kuchipatala a Sikweya anamuona atakulungidwa m'manja mwa amake, ndipo ndi mkamwini anangopatsana moni wa pakamwa. Tsiku lachitatu, mayi ndi mwana atatuluka, iwo ndi mayi a Kautuchi anapita kunyumba kwa anawo. Ndi chipinda chimodzi cha pamwamba, masitepe makumi awiri, katani pakati kulekanitsa pogona ndi pochezera. A Sikweya ankakwera masitepewo manja ali lende, ndipo manyazi ankawalemera kuposa mmene kabedi kakanalemerera.

Anatsekula chitseko ndi Ndamva, nkhope ili ngwee ngati munthu amene wapeza njira yokonzera mlandu.

"Lowani, bambo. Lowani, mayi. Bwerani muone. Matabwa aja sanapite pachabe."

Anakoka katani. Kautuchi anali pabedi, wotopa, maso olemera. Pambali pa bedi, pa tebulo lalifupi, panali kesi ija. Mkati anayalamo bulangete loyera. Mwana anagona m'menemo chagada, maso otseka, timanja tili m'mbali. Chivundikiro chinali chitatsamira khoma, pafupi pomwepo.

"Bedi ndi laling'ono, timaopa kumugonera," anatero Ndamva. "Ndiye ndinaganiza, si matabwa ake omwewa? Taonani mmene wakwaniramo. Ndendende, ngati munachita kumuyeza."

Mayi a Kautuchi anakhala pansi pomwepo, pasimenti, atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

A Sikweya sanakuwe. Anapita patebulopo, analowetsa manja awo okhakhala pansi pa mwanayo, n'kumutulutsa. Anali wofunda. Anatakataka, anakwinya nkhope, n'kuyamba kulira, ndipo iwo anaima kaye akumvetsera kulirako asanamupereke kwa amake.

"Adadi, chavuta n'chiyani?" anafunsa Kautuchi.

"Ndinayezapo mwana," anatero a Sikweya. "Kamodzi. Mchimwene wako. Ndinamuyeza ndi tepi yomwe ili m'thumbamu, n'kuphwasula shelefu ya amako. Masentimita 60, omwewa. Anakwanamo ndendende." Anatembenukira kwa mkamwini. "Matabwa aja ndinagula kuti m'banja lino mwana asadzagonenso m'bokosi lokhoma ine."

Kautuchi misozi inali ikutsika, akuyang'ana amake pansi paja. Ndamva anatsekula pakamwa, koma pa nkhani iyi panalibe chimene anamvapo kwa aliyense, ndipo anatsekanso.

A Sikweya anachotsa bulangete, analipinda bwinobwino n'kuliika pabedi. Anatenga chivundikiro, anavundikira kesiyo, n'kuisenza paphewa. Anatsika masitepe makumi awiri aja osapuma. Kumsewu anthu anayamba kupatuka. Amayi awiri amene ankaseka pakhomo la saluni anakhala chete. Bambo wina wa njinga anatsika n'kuvula chipewa.

"Valani chipewa chanu," anamukalipira a Sikweya. "Mwana ali moyo. Akuyamwa."

Kushedi sanaiphwanye ndi hamala yaikulu, ngakhale mtima unkafuna. Mbawa sinalakwe. Anaigogoda pang'onopang'ono m'makona mpaka zala zija zinalekana, anachita chimodzimodzi ndi kesi yoyamba imene inatsala kushediko, n'kuyala zidutswa zonse pa benchi. Pa matabwa atatu a mamita awiri panalibe chidutswa choposa masentimita 60, kupatula zobooka zija. Mitanda ya m'mbali mwa kabedi imafuna 120. Anachita kulumikiza ziwiriziwiri pakati, ntchito imene akanamuthamangitsira wophunzira. Miyendo ndi timitengo ta m'mbali zinakhala za paini. Kumutu kunalibe china choika koma chidutswa cha chivundikiro, chokhala ndi bowo limodzi la fani pakati.

Tsiku lachiwiri Ndamva anaima pakhomo la shedi, phazi osalowetsa, mahedifoni mulibe.

"Bambo, ndabwera," anatero. "Ngati pali choti ndigwire."

A Sikweya anamusiya ataima pamenepo mpaka anamaliza mzere umene ankapala. Kenako anamuponyera sandipepa ndi chidutswa chobooka chija.

"Mupale m'mphepete mwa bowolo mpaka kupserera kuchoke. Mukamaliza mundiuze, ndidzagwira ndekha."

Anapala tsiku lonse. Katatu anati wamaliza, katatu a Sikweya anayendetsa chala n'kumubwezera. Bowolo silikanasiyidwa lotsekula, mwana akanadzalowetsamo mutu. A Sikweya anadula paini wozungulira n'kumukhomera m'menemo mothina. Panatsala chigamba choyera, chachikulu ngati mbale, pakati pa thabwa lofiira. Makatoni atatu aja anayala pansi popaka vanishi, ndipo apo pokha ndi pamene anagwira ntchito.

Tsiku lachinayi ananyamula kabediko awiri, mkamwini kutsogolo, apongozi kumbuyo, osalankhulana masitepe onse. Kanaima pambali pa bedi osagwedera. Kautuchi anayala bulangete loyera lija, anagoneka mwana, n'kuima akuyendetsa dzanja pa chigambacho.

"N'kokongola, adadi. Koma apapa simungapake utoto wofiira kuti pasamaoneke?"

"Ndingathe," anatero a Sikweya. "Sindipaka."

"Akadzakula adzafunsa."

"Adzafunsedi. Za chigambacho adzayankha bambo ake."

Ndamva anaweramitsa mutu. A Sikweya anasuntha pang'ono, n'kuika chala pakati pa mtanda wa m'mbali, pamene panali mzere wopyapyala wolumikiza zidutswa ziwiri za thabwa lachiwiri lija, limene palibe anawabera.

"Akadzafunsa za apa," anatero, "mudzamutumize kwa ine."